Timadontho tiwiri tomwe tinakumana pa bolodi yanga Lachitatu usiku

Lachitatu lapitali cha m'ma 11 koloko usiku ndinali nditawerama pa tebulo, tochi ya foni m'manja, maso ali pa kabolodi kobiriwira kosaposa chikhatho changa. Pamwamba pake panali timadontho tiwiri ta madzi, kena ndinakathira utoto wofiira wa mu keke uja, kena wabuluu. Pa sikirini ya laputopu pulogalamu yomwe ndakhala ndikulemba kwa miyezi itatu inkaonetsa kuti timadonthoti tidutsana bwinobwino, kofiira kulowera kumanja kabuluu kutsikira m'munsi, osakhudzana olo pang'ono. Ndinadina batani. Sitepe yoyamba bho, yachiwiri bho, pa yachitatu kabuluu kanangonjenjemera kenaka nkutsetsereka kulondola kofiira kaja, basi pa bolodi pangotsala dontho limodzi lalikulu la mtundu wa bilinganya. Koma pa sikirini timadontho tiwiri tija tinkapitilizabe ulendo ngati palibe chomwe chachitika.

Mtima unandiwawa sindinama, chifukwa akanakhala magazi a munthu ndi mankhwala oyezera nde kuti zotsatira zaonongeka ndipo kompyuta ikanalemba kuti zonse zayenda bwino.

Ena mwakhala mukundifunsa ku inbox kuti zithunzi za mabolodi ndimaika zija ndi za chani kwenikweni, nde lero ndifotokoze mofatsa. Azungu amati lab-on-a-chip, kutanthauza labu yonse kuipanikiza pa kachipu kamodzi. Mukaganiza bwino ntchito yambiri ya mu labu ndi yomweyomweyo, kutunga pang'ono apa, kusakaniza ndi ichi, kusungunula, kutenthetsa, kudikira mphindi zakuti, kenaka kuona ngati mtundu wasintha. Nde ngati timadontho tochepa kuposa njere ya mapira titha kumayenda tokha nkumachita zonsezi, simufunanso chipinda chodzadza mabotolo, mumafuna kabokosi basi ndi magazi a pa chala.

Mtundu womwe ine ndimasewera nawo umatchedwa digital microfluidics. Bolodi yake ili ngati ya drafuti, timabwalo ta kopa tondondozana, kalikonse ndi electrode payokha, kutanthauza kachitsulo koyatsidwa magetsi pakokha, pamwamba pake pokutidwa ndi kapulasitiki kopyapyala kwambiri kosadutsa magetsi ndipo pamwamba penipeni ndi poterera posagwira madzi. Amene munaonapo dontho la mvula pa tsamba la koko mukudziwa mmene limakhalira, lozungulira ngati mkanda, losafuna kunyowetsa tsambalo. Dontho pa bolodi limakhala chimodzimodzi. Koma mukayatsa magetsi pa kabwalo kamene kali pansi pake limaphwathalala nkukakamira pamenepo, nde mukathimitsa kameneko nkuyatsa koyandikana nako dontho limatsetsereka kupita kumene kwayaka. Palibe pampu, palibe paipi, palibe chozungulira chilichonse. Tsiku loyamba kuliona likusuntha ndinaitana aliyense m'nyumba muno kuti adzaone.

Nzeru yakeyi ndi yakalekale. Gabriel Lippmann wa ku France anaona kale mu 1875 kuti magetsi amasintha kaimidwe ka mercury, chitsulo chamadzimadzi chija, akakhudzana ndi madzi a mchere kapena asidi. Mu 1993 Bruno Berge, wa ku France komweko, anaonetsa kuti ukaika kachikuto kosadutsa magetsi pakati pa chitsulo ndi madzi, dontho limamvera popanda madziwo kuyamba kuphwanyika nkutulutsa thovu. Kenaka mu 2000 ku Duke University ku North Carolina, Michael Pollack, Richard Fair ndi Alexander Shenderov anayendetsa timadontho pa mzere wa ma electrode, ndipo nthawi yomweyomweyo gulu la CJ Kim ku yunivesite ya UCLA ku California linkachitanso zofanana. Apo nde panayambira zonsezi.

Koma abale kusuntha dontho limodzi si nkhani. Nkhani imayamba madontho akakhala 10 kapena 20 pa bolodi imodzi, lina likufuna kusakanizidwa, lina likudikira mnzake, lina ndi zinyalala likufuna njira yotulukira, ndipo lililonse lisakhudze linzake pokhapokha pulani yanena. Munthu ndi pensulo ungakwanitse madontho atatu anayi, kupitilira apo mutu umaima. Pamenepa mpamene kompyuta imalowelera, ndipo gawo limeneli nde landigwira mtima kuposa bolodi yeniyeniyo.

Munthu amene dzina lake mulipeza paliponse mukayamba kuwerenga za izi ndi Krishnendu Chakrabarty, yemwe anali ku Duke komweko. Iyeyu ntchito yake inali yokonza ndi kuyesa machipu amagetsi, omwe ali mu foni ndi mu kompyutawa, nde anaona kuti vuto la madontho likufanana ndi lomwe anthu a machipu analimbana nalo kale. Mu 2004 iye ndi wophunzira wake Fei Su analemba njira yoti ukapatsa kompyuta ndondomeko ya kayezedwe, iyo ikupangire pulani yonse. Ndondomekoyo imalembedwa ngati mtengo wa mibadwo, dontho ili ndi ili akabereka ili, limenelo likagawidwa pawiri, theka lina likakumana ndi lachitatu, chonchi mpakana pa choyezera. Kompyuta nde isankhe kuti chiyambe ndi chiti, chichitikire pati pa bolodi, ndipo dontho lidzere njira iti kuti likafike.

Chomwe chimandisangalatsa kwambiri apa nchoti pa bolodi imeneyi palibe malo omwe anamangidwa kuti awa nde osakanizira. Timabwalo tina tilitonse tingakhale chosakanizira kwa masekondi angapo, dontho nkumazungulira pamenepo mpakana zasakanikirana, likachoka malo omwewo asanduka msewu, kenaka asanduka podikilira. Zili ngati bwalo la pa sukulu ya pulayimale, m'mawa asembule, masana mpira, Loweruka msonkhano wa makolo. Ndipo kukula kwa malo kumasintha liwiro, ziwerengero zomwe anthu a Duke anayeza ndipo aliyense amagwiritsa ntchito mu mapulogalamuwa zimati chosakanizira cha timabwalo 2 kwa 2 chimatenga pafupifupi masekondi 10 pomwe cha 2 kwa 4 chimatenga pafupifupi 3. Nde kompyuta imakhala pa mphambano nthawi zonse, nditenge malo aakulu ndimalize msanga koma nditsekereze ena, kapena nditenge aang'ono ntchito zingapo ziyendere limodzi. Kupeza yankho labwino kuposa onse pa bolodi yaikulu kungatenge nthawi yosatheka kudikira, nchifukwa chake mapulogalamu ambiri amangosaka yankho labwino ndithu nkukhutira nalo.

Tsopano za ngozi yanga ija. Pa kayendetsedwe ka madontho pali malamulo awiri. Loyamba ndi losavuta kulimva, madontho awiri osayenera kukumana asakhale pa timabwalo toyandikana, olo moyang'anana pa ngodya, pakati pawo pazikhala kabwalo kopanda kanthu. Lachiwiri nde linandigwetsa. Silikwanira kuona pomwe madontho ali panopa ndi pomwe akhale akamaliza sitepe, uyeneranso kuona kuti kabwalo komwe ukuyatsa kuti kakoke dontho lofiira sikakuyandikana ndi pomwe dontho labuluu lili panopa lisanasunthe. Electrode siidziwa kuti ikuitana ndani, imakoka madzi aliwonse omwe ali pafupi. Ine mu code yanga ndinalemba lamulo loyamba lokha, lachiwiri ndinaliwerenga ndithu koma ndinaliona ngati likungobwereza loyamba. Mizere isanu ndi umodzi yokha nde inkasowa. Nditaiwonjezera, pulogalamu inasintha pulani yokha, dontho labuluu likuima sitepe imodzi kudikira lofiira lidutse, ngati wa njinga pa mphambano akamadikira lole.

Vuto lina lomwe simungaliganize musanagwire bolodi ndi mawaya. Kabwalo kalikonse kamafuna waya wake wopita ku choyatsira. Ine ndinajambula bolodi yanga pa KiCad, pulogalamu yojambulira mabolodi amagetsi, ndi timabwalo 10 kwa 10, nde kuti 100, osawerengera mosungira madzi m'mbali. Chipu yoyatsira yomwe ndili nayo ndi HV507, ili ndi njira 64 basi. Ndipo mawaya onsewo adutse pansi pa timabwalo popanda kugundana, zomwe zimakakamiza kuwonjezera ma layer a bolodi, mtengo nkukwera. Anthu a Chakrabarty omwewo anabwera ndi nzeru yomwe amati broadcast addressing. Kabwalo kalikonse umakalembera mbiri yake ya nthawi yonse ya kayezedwe, 1 pomwe kayenera kuyaka, 0 pomwe kayenera kuthima, X pomwe zilibe kanthu kaya kayake kaya kathime poti palibe dontho pafupi. Tiyerekeze kena mbiri yake ndi 1, 0, X, X ndipo kena ndi X, 0, 0, 1. Palibe pomwe tikutsutsana, nde mutha kutimanga pa waya umodzi nkuupatsa 1, 0, 0, 1, tonse tiwiri takhutira. Mukachita chonchi bolodi yonse mawaya amachepa kwambiri. Koma pali mtengo wake umene ine sindinaukonde, bolodi yotereyi imakhala yomangika ku kayezedwe kamodzi komwe munaikonzera, mawa mukafuna kuyeza zina timabwalo tomangidwa pamodzi tija tiyamba kukoka madontho kumene simunafune. Kwa kampani yopanga makatiriji otaya ukagwiritsa kamodzi zimenezo nzabwino. Kwa ine amene ndikuphunzira, ndinasankha kuchepetsa bolodi ikhale 7 kwa 8 kalikonse ndi waya wake, njira zotsalazo zipite kosungira madzi.

Apa ndichenjeze pang'ono amene mukufuna kuyesa. Bolodi ya PCB, yonga yomwe ili mu wailesi, ngati yangayi imafuna magetsi a ma volt opitilira 200 kuti dontho lisunthe chifukwa kapulasitiki kake nkokhuthala poyerekeza ndi zomwe amapanga mu labu zenizeni. Musagwire ikayaka, ndipo ana asayandikire.

Gawo lomwe ndimalikonda kufotokozera anzanga ndi la kusungunula, chifukwa masamu ake ndi okoma. Pa bolodi imeneyi sungatunge mlingo uliwonse womwe wafuna ngati ndi pipette, kachubu kotungira madzi mu labu. Chomwe ungachite nkutenga madontho awiri ofanana kukula, kuwaphatikiza, kusakaniza, nkugawa pawiri. Basi. Nde tinene kuti kayezedwe kakufuna mankhwala a mphamvu ya magawo 5 pa 16, upanga bwanji? Tenga dontho la mankhwala ndi la madzi osungunulira, wapeza theka. Gawa, limodzi taya, linalo phatikiza ndi madzi, wapeza 1 pa 4. Gawa, taya limodzi, linalo phatikiza ndi mankhwala osasungunula, wapeza 5 pa 8. Gawanso, taya, phatikiza ndi madzi, nde 5 pa 16 ija yakwana. Kusakaniza kanayi, madontho atatu otayidwa. Chinsinsi chake nchoti 5 ukamulemba mu binary, kawerengedwe ka kompyuta ka 0 ndi 1 okha, pa manambala anayi ndi 0101, ukawerenga kuchokera kumapeto manambalawo akukuuza okha kuti pa 1 tenga mankhwala pa 0 tenga madzi. Bill Thies ndi anzake nde anafalitsa njira imeneyi, ndipo iyeyu pambuyo pake ali ku Microsoft Research ku India anathandiza kupanga BioCoder, chilankhulo cholembera ndondomeko za mu labu ngati code. Chiyambireni apo anthu alemba njira zambirimbiri zochepetsera madontho otayidwa aja, mwachitsanzo dontho la 1 pa 4 lomwe unkataya ulisunge pambali poti mwina mlingo wina ulifuna. Zikumveka zazing'ono koma ngati magazi ake ndi a mwana wobadwa dzana, otengedwa pa chidendene, dontho lililonse lotayidwa ndi nkhani.

Koma apa mpomwe ndikufuna kunena zomwe zili kukhosi kwanga. Mapepala ambiri omwe ndawerenga a mapulogalamuwa amatenga dontho ngati kankhomo ka bawo, kolimba, kofanana ndi kanzake, kopita paliponse pomwe dzanja lakaika. Madzi sali choncho. Ukagawa dontho pawiri kawirikawiri theka lina limakulirapo, nde pa masamu okoma a 5 pa 16 aja cholakwika cha sitepe yoyamba chimalowa mu yachiwiri mpakana kumapeto. Kutentha kwa mu Okutobala kuno dontho losakutidwa ndi mafuta limaphwa ndikuliona ndi maso, likachepa kwambiri silifikanso m'mphepete mwa kabwalo kotsatira nde limangokhala phee olo uyatse bwanji. Madzi okhala ndi mapuloteni, ngati magazi, amasiya litsiro pomwe adutsa, poterera paja pamayamba kugwira, ndipo dontho lina likadzera pomwepo latenga za mnzake. Nchifukwa chake ena amadzadza bolodi ndi mafuta a silicone, a ku Toronto anapeza kuti kuthira pang'ono mankhwala otchedwa Pluronic kumathandiza, ndipo mapulogalamu ena amaika mu pulani madontho otsuka kuti azidutsa kaye pa mphambano iliyonse yomwe yadetsedwa. Kapulasitiki kaja nakonso kamatopa, tsiku lina umangoona tithovu tikutuluka pansi pa dontho, nde kuti magetsi aboola ndipo kabwalo kameneko kafa.

Nde kwa ine pulogalamu yomwe imapanga pulani nkuitumiza ku bolodi osamvanso zomwe zikuchitika kumeneko ndi theka la ntchito. Lachitatu lija chomwe chinandiopsa kwambiri si kukumana kwa madontho, koma kuti sikirini inkapitiliza kundionetsa zabwino. A labu ya Aaron Wheeler ku University of Toronto anaganizira izi pa makina awo a DropBot, omwe Ryan Fobel anawatulutsa mu 2013 ndipo mapulani ake ndi aulere kwa aliyense. Makinawa akamayatsa kabwalo amayezanso capacitance yake, kutanthauza kuchuluka kwa magetsi komwe kangasunge, poti kabwalo komwe pali madzi kamasunga magetsi ochuluka kuposa kouma, nde amadziwa ngati dontho lafikadi komanso likuyenda liwiro lanji. A Chakrabarty limodzi ndi Tsung-Yi Ho wa ku Taiwan anapitiliza mbali ya pulogalamu, kuti choyezera kapena kamera ikaona cholakwika kompyuta ibwerere pa sitepe yomwe zinali bwino nkupanga pulani yatsopano pompopompo, yolambalala kabwalo kakufa. Philip Brisk ndi Daniel Grissom ku UC Riverside nawo analimbikira zopanga pulani mwachangu kuti izitheka makina ali mkati moyeza. Iyi nde mbali yomwe ndikuona kuti ikufunika manja ambiri.

Ndisanamize anthu kuti zonsezi zimathera m'mapepala. Pollack uja ndi Vamsee Pamula anayambitsa kampani ya Advanced Liquid Logic mu 2004, kampani ya Illumina inaigula mu 2013 nkutulutsa makina a NeoPrep okonzera DNA mu 2015, ngakhale analeka kuwagulitsa mu 2017. Chaka chomwecho cha 2017 bungwe la FDA loona za mankhwala ku America linavomereza makina a SEEKER a kampani ya Baebies, oyezera ana obadwa kumene matenda anayi a chibadwa kuphatikizapo Pompe ndi Gaucher, ndipo mkati mwake ndi timadontho tomweti tikuyenda pa bolodi.

Pali mtundu winanso wa madontho womwe ine sindinaugwirepo ndi manja koma ndimautsatira. Uku madontho sayenda pa bolodi koma mu tingalande topyapyala ngati tsitsi, madzi akulowa mu mafuta nkumaduka timikanda zikwizikwi, monga makina a kampani ya Bio-Rad owerengera DNA, otchedwa droplet digital PCR, omwe amagawa sampulo imodzi kukhala timadontho pafupifupi 20,000. Kukonza tingalandeti ndi mutu winanso. Madzi mu ngalande amatsata lamulo lofanana ndi la Ohm pa magetsi, yaitali ndi yopapatiza imakaniza kwambiri, ndipo kadontho kakafika pa mphanda kamalowera komwe madzi akuthamangira kwambiri. Koma kakangolowa kokha kamawonjezera kukaniza kwa nthambi imeneyo, nde kobwera pambuyo pake katha kusankha nthambi inayo. Kuwerengera zonsezi ndi mapulogalamu akuluakulu a kayendedwe ka madzi monga OpenFOAM kumatenga maola kapena masiku. Robert Wille ndi Andreas Grimmer ali ku Linz ku Austria anapanga zoyeserera za pa kompyuta zomwe zimatenga ngalande ngati ma resistor chabe, tizipangizo tokaniza magetsi tija, yankho nkutuluka m'masekondi. Ku Boston University a labu ya Douglas Densmore anatulutsa pulogalamu ya DAFD mu 2021, umangoiuza kukula kwa dontho lomwe ukufuna ndi kuchuluka kwake pa sekondi, iyo nkukupatsa miyeso ya ngalande, ndipo anaiphunzitsa ndi zoyeza zenizeni za pa tebulo. Apanso ndikuona chomwechija, pulogalamu yabwino ndi yomwe inamvera madzi kaye.

Chomwe chinandilowetsa mu zonsezi ndi nkhani ya ku Kakuma, kumsasa wa othawa kwawo kumpoto chakumadzulo kwa Kenya. Mu 2016 gulu la Wheeler linanyamula kabokosi kawo kotchedwa MR Box kupita nako kumeneko, nkumayeza ndi magazi a pa chala ngati munthu ali ndi chitetezo ku chikuku ndi rubella, pompo pamsasapo, ndipo analemba zotsatira mu 2018. Nditawerenga ndinaganiza za timakadi ta magazi ouma a makanda tomwe kwathu kuno timakwera njinga yamoto kuchoka ku chipatala chaching'ono kupita ku labu yaikulu, mayi nkumabwerera kudzafunsa ngati zotsatira zabwera. Sindikunena kuti kabolodi kanga ka utoto wa keke kathetsa zimenezo, katalikira kwambiri. Koma makina a chipinda choyera opangira machipu ndi okwera mtengo zedi, pomwe pulogalamu yopanga pulani imafuna laputopu ndi mutu basi, ndipo mabolodi otsika mtengo ngati OpenDrop ya Urs Gaudenz wa ku Switzerland mapulani ake ali poyera pa intaneti. Mnyamata kapena mtsikana amene amadziwa Python ndi masamu a graph, a mfundo ndi njira zozilumikiza, atha kulowa mu ntchitoyi lero lomwe, ndipo adzadziwa zinthu zomwe wolemba pulogalamu ali mu ofesi yozizira sangaziganize, monga mmene dontho limaphwera chipinda chikatentha kapena chochita magetsi akathima kayezedwe kali pakati.

Dzulo usiku ndinabwereza ulendo wa Lachitatu uja ndi code yokonzedwa. Kofiira kanadutsa, kabuluu kanaima sitepe imodzi kenaka nkutsika, tonse tinafika mitundu yake ili yomweyo, ndinabwereza kasanu ndipo kasanu konse zinayenda. Pa ulendo wachisanu ndi chimodzi ndinaona tithovu pa kabwalo ka pa ngodya ya kumanzere, kameneko kapita. Sindisintha kapulasitiki panopa, ndikasiya dala choncho. Weekend ino ndikuwotcherera kagawo koyezera capacitance, ndipo ntchito yoyamba yomwe ndiipatse pulogalamu ndi yoti izindikire yokha kuti dontho silinafike pa kabwalo kameneko, ikachotse pa mapu ake, nkulipezera dontho njira ina.